Mutu 4: Dekoda m'Chikwama cha Tinenenji

1. Mlongo wa munthu wa mufilimu

Pasukulu ya sekondale imene Tinenenji Sakala ankaphunzira, ku Kafue Estates, panalibe mwana amene sanamve kuti mlongo wake Daliso wasewera mufilimu. Anamva ndi amene sanafune kumva omwe. Tinenenji ankaiyamba nkhaniyo pamzere wa m'mawa, n'kuipitiriza pa nthawi yopuma. Ukalakwitsa n'kuyenda naye njira imodzi poweruka, unkafika kwanu makutu atatopa.

Komabe tisamuseke kwambiri mwana wa eni. Chonyadira anali nacho. Daliso uja anali kondakitala wa minibasi za ku Lusaka, wolendewera pachitseko tsiku lonse mpaka mawu kusasa. Anthu ojambula mafilimu atabwera kudzafuna anyamata oti asewere ngati asodzi a pamtsinje wa Kafue, iye anakaima pamzere ndi anzake ambirimbiri, ndipo anamusankha.

Vuto linali lakuti msodzi watsopanoyu sankadziwa n'kugwira nkhafi komwe. Amene anamuphunzitsa anali ba Chimuka, bambo a nyumba yoyandikana ndi yawo, omwe anabwerera ku usodzi wa makolo awo ntchito ya kufakitale itatha. Bwato lojambulirapo linalinso lawo. Ankalibisa m'bango kuopa akuba, ndipo Tinenenji ankadziwa malowo chifukwa ndiye ankawapititsira chakudya masiku ophunzirawo.

Atalandira malipiro ake oyamba, Daliso asanasamukire ku Lusaka, anagulira amayi ake dekoda yatsopano. Kanali kabokosi kakuda, kosaposa buku la masamu kukula kwake. Kankatulutsa matchanelo a kampani ya TV monga madekoda onse, koma kanali ndi china chimene nyumba zonse za pamzere wa kwawo zinalibe. Kankalumikizana ndi intaneti. Ukadina batani lofiira pa rimoti, pankatseguka malo osankhira mafilimu. Filimu unkaiyambitsa wekha, kuiimitsa ukafuna kukamwa madzi, ngakhale kuibweza m'mbuyo. Filimu ya Daliso inali yoti idzatulukire kumeneko basi, osati pa matchanelo wamba.

Mayi Mwandida, amayi a ana awiriwa, ankaiopa rimotiyo ngati mbaula yamoto. Choncho mwini dekoda weniweni anali Tinenenji, ndipo zimenezinso sukulu yonse inkazidziwa.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankatengeka nazo. Anali Joy, mnzake wa m'kalasi, mtsikana wa lilime lakuthwa. Lachisanu lina anamuimitsa pakhomo la kalasi anthu onse akumva.

"Iwe Tine, filimu yako ija ili kuti? Mwezi watha unakamba ati malaiti yanayenda. Wiki yatha ati bakalibe kuiikapo. Manje uzakamba chani?"

"Baiikapo lelo," anayankha Tinenenji, mutu uli m'mwamba. "Mailo mubwele ku nyumba, muzamuona na menso yanu."

"Tizabwela. Koma ngati sitizamuona bulaza wako mailo, dzina yako izankhala Tine wa Boza mpaka ukasilize sukulu."

Kalasi yonse inaseka n'kuvomereza. Tinenenji nayenso anaseka, poti ankadziwa kuti mawa lake, Loweruka, pakamwa pa Joy patsekeka.

2. Mpando wa ba Chimuka

Madzulo a tsikulo Tinenenji anasesa pabalaza, anapukuta TV, n'kuyala mipando m'mizere ngati kutchalitchi. Filimuyo inali itafikadi. Chithunzi chake chinkaoneka pamalo osankhira paja, koma iye sanaitsegule. Ankafuna adzaione koyamba pamaso pa Joy.

Ba Chimuka anasuzumira pampanda, ukonde uli paphewa.

"Ba manija ba sinema, mupando wanga mwaika?"

"Uli kutsogolo, ba Chimuka. Wa kushini."

"Wachita bwino. Na ine nilimo mu filimu iyo, uziba? Bananiuza ati nkhalani kumbuyo, palasani chabe, osayang'ana kamera." Anaseka, mpata wa mano awo uli poyera. "Koma niziba banichotsamo. Nindani angafune nkhope iyi? Ine nifuna chabe nione ngati bwato yanga yatuluka bwino."

M'bandakucha wa Loweruka, Tinenenji anadzidzimuka ndi kulira kochokera kuseri kwa khoma. Nyumba ziwirizo zinali zogundizana, khoma limodzi, moti mawuwo ankamveka ngati ali m'chipinda chake momwe. Anali mawu a mkazi wa ba Chimuka, amene aliyense ankawatchula kuti Bina Lushomo, kutanthauza amake a Lushomo. Amuna awo anali atagwa pokonzekera ulendo wa kumtsinje, ndipo sanadzukenso.

Dzuwa lisanakwere, mzere wonse unali utasintha. Katundu wa m'nyumba ya maliro anatulutsidwa kuti amayi akhale pansi. Abambo anamanga tenti panja. Mipando imene Tinenenji anayala ija inanyamulidwa yonse kupita kutenti, wa kushini uja ndi womwe. Kuseri kwa nyumba ya a Sakala kunasanduka kophikira.

Mayi Mwandida anazula chingwe cha TV pakhoma, anaitembenuza kuti iyang'ane kukhoma, n'kuiphimba ndi chitenge. Mwana aliyense wa pamzerewo ankadziwa kuti pakhomo loyandikana ndi maliro sipalira wailesi kapena TV mpaka mwambo utatha.

Tinenenji analira ndi mtima wonse, chifukwa ba Chimuka ankawakonda. Koma tinene zoona, pakati pa misoziyo ankakumbukiranso Joy.

3. Nzeru za Joy

Masana Joy anafika ndi Blessed, mnyamata wa m'kalasi mwawo, pamodzi ndi ena angapo. Ataona tenti anaima patali, pansi pa mtengo wa mango wa m'mbali mwa msewu. Tinenenji anapita kukakumana nawo, manja ali ndi thovu la sopo.

"Mwaona mweka," anatero motsitsa mawu. "Ba neba bamwalila. Sitingayatse TV."

Blessed anapepesa. Joy anapepesanso, koma diso lake linali lina.

"Maliro ni yazoona, sinikana. Koma iwe Tine uli na mwayi, nthawi zonse pamapezeka chifukwa. Si iwe unakamba ati ka dekoda kanu ni kang'ono, kafuna chabe intaneti? Kwathu intaneti iliko, TV iliko, maliro kulibe. Kafake mu chola, tiyende. Awala imozi chabe, uzabwela bakalibe kuziba."

Nzeruyo inamveka yabwino, monga zimamvekera nzeru zambiri zoipa. Sakanayatsa TV pakhomo la maliro. Sakanasokosera munthu. Tinenenji anaumitsa manja pasiketi n'kulowa m'nyumba.

Pabalaza panalibe munthu. Anapisa dzanja kunsi kwa chitenge chija, anamasula zingwe, n'kulowetsa dekoda ndi rimoti m'chikwama chake cha kusukulu. Anadutsa pakati pa amayi osenda kabichi atayang'ana pansi. Anadutsa mulu wa mbale zimene anasiya osatsuka, ndi zidebe zopanda madzi zimene zinkadikira iye. Anali atagwira kale geti pamene anamva dzina lake lonse.

"Tinenenji."

Amayi ake anali ataima pambali pa moto wa abambo, atanyamula mtolo wa nkhuni. Maso awo sanali pankhope yake. Anali pa kachingwe kakuda kamene kankalendewera pakamwa pa chikwama.

4. Mawu a pageti

Mayi Mwandida anatula nkhunizo n'kuyandikira, kuti abambo a mutenti asamve.

"Sinizakulanda chola icho," anatero. "Ndiwe mukulu manje. Koma imilila pang'ono, umvele.

"Atate ako banamwalila iwe ukali kuyamwa, iyo nkhani uiziba. Chamene suziba ni ichi. Maliro yabo yanagwela pa tsiku yamene timu ya dziko yathu inatenga kapu ya Afrika. Banthu bonse banali pa TV. Pa laini ino yonse TV inali chabe kwa ba Chimuka, ndipo bola banali kuikonda kuchila nshima. Banzabo banabwela kubapempha, ati valani chabe mawindo, muchepetse voliyumu, amake Daliso sibazamvela. Uziba vamene banachita? Banazula TV ija, banaiika pansi pa bedi, bananyamula mupando wabo nakubwela kunkhala pa moto, apa pamene waimilila.

"Kafue yonse inali kukuwa. Mamotoka kulila, banthu kuvina mu miseu na mapoto. Beve banankhala zii, kusonkhezela moto wa atate ako. Sibanaone olo penate imozi. Sibanakambepo za iyo nkhani mpaka lelo, na ine sininabayamike bwino bwino. Nenze kukamba ati nizabauza tsiku ina.

"Filimu ya Daliso na ine nifuna kuiona. Ni mwana wanga uja, ninamubala ine. Koma ndiwe wamene unaniphunzitsa kuti pa dekoda iyi filimu siipita monga nyuzi, imayembekeza munthu. Nanga manzi ya Bina Lushomo yazayembekeza ndani? Mukazi uja lelo saona bwino na misozi, koma azakumbukila wamene anamutapila manzi, azakumbukila na wamene anapita pa geti na chola.

"Banzako bazakuseka. Ee, bazakuseka, sinikunamiza. Vizakubaba. Manje sankha weka. Geti ni iyo."

Atatero anatola nkhuni zawo n'kupita, osacheukanso.

Tinenenji anaima pomwepo. Kumsewu Joy ankamukodola kuti afulumire. M'nyumba ya maliro amayi anali atayamba nyimbo, ndipo mawu a Bina Lushomo ankamveka osasa pansi pa ena onse.

Anatsegula geti, anayenda mpaka pamtengo wa mango, n'kuima pamaso pa Joy.

"Sinibwela. Dekoda ibwelela mu nyumba. Maliro yakasila muzaona."

"Ninaziba," anatero Joy, akutembenukira anzake. "Sininakuuzeni? Mu chola umo muli chabe mabuku."

Akanatha kutsegula chikwamacho n'kuwaonetsa. Koma kutulutsa dekoda pamsewu, pamaso pa anthu obwera kudzalira, kunamuchititsa manyazi kuposa kusekedwa. Anabwerera, anaika kabokosiko pamalo pake kunsi kwa chitenge, n'kunyamula zidebe ziwiri kupita kumpopi. Anatunga madzi mpaka mapewa anachita dzanzi.

5. Tine wa Boza

Amayi ake sananame. Lolemba m'mawa anapeza dzina lija litalembedwa pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu. Amene ankamvetsera nkhani za Daliso pakamwa pali yasa ndi omwe ankaseka kwambiri. Wina anayerekeza kupalasa bwato ndi rula. Wina anafunsa ngati Daliso akadali kuitanira anthu a ku Lusaka pasiteshoni.

Zinamupweteka kwambiri. Mtsikana amene pakamwa pake sipankapuma anakhala chete tsiku lonse, mpaka mphunzitsi wa sayansi anamufunsa ngati akudwala. Anafufuta bolodi yekha, n'kukhala pansi. Poweruka ankathamangira kunyumba kukatsuka mbale za pamaliro, ndipo kumeneko kokha ndi kumene dzina lake linkatchulidwa bwino.

Ba Chimuka anaikidwa m'manda. Tsiku lotsatira tenti inapasulidwa, mipando inabwerera kwa eni ake, ndipo pakhomo panatsala achibale okha. Tsiku lomwelo poweruka, Joy ndi Blessed anamutsatira Tinenenji mpaka kwawo.

"Tenti bachosa," anatero Joy. "Lelo ulibe pobisama."

6. Munthu wa kumbuyo kwa bwato

Atalowa pabalaza, onse atatu anaima chilili. Pamphasa panali patakhala Bina Lushomo, atavala zakuda, pambali pa Mayi Mwandida. Joy ndi Blessed anagwada n'kupereka moni wa pamaliro, kenaka anakhala kukhomo mwaulemu.

"Tine, mwana wanga, nenze kuyembekeza iwe," anatero Bina Lushomo. "Bamudala banakamba za filimu iyi mpaka tsiku yosilizila. Banasita na shati yovala pobwela kuno, ikali pa hang'ala. Niyatsileko. Nifuna nione chabe bwato yabo."

Tinenenji anayang'ana amayi ake.

"Mwine wa maliro ndiye wapempha," anatero iwo. "Yatsa."

Anachotsa chitenge, anatembenuza TV, analumikiza zingwe, n'kudina batani lofiira. Pagalasi panabwera kamkombero kozungulira. Kanazungulira, kanazungulirabe, ngati sikadzaleka. Joy anatsokomola kachifuwa kabodza.

Kenaka mtsinje wa Kafue unadzaza galasi lonse, madzi ali mbee ndi dzuwa la m'mawa. Bwato linatulukira m'bango. Kutsogolo kwake kunaima mnyamata wamtali, ukonde uli m'manja, ndipo nkhope yake itayandikira panalibenso chofunsa.

"Ni uja kondakita," ananong'ona Blessed. "Ni Daliso zoona."

Chifuwa cha Tinenenji chinakula. Mlongo wake, wa m'nyumba yomweyo, amene ankalimbirana naye nkhoko za mumphika, anali pamenepo ngati munthu wobadwira m'bwato. Anatembenukira kwa Joy. Mawu amene anawasunga sabata yonse anali atafika kale pamilomo.

Asanawatulutse, dzanja lozizira la Bina Lushomo linamugwira pamkono. Kamera inali itabwerera m'mbuyo. Kumapeto kwa bwato kunali bambo wa chipewa chong'ambika, akupalasa mosafulumira. Bamboyo anakweza mutu, anayang'ana kamera mwachindunji n'kumwetulira, mpata wa mano uli poyera. Chithunzicho chinangodutsa ngati kuphethira kwa diso, filimu n'kupita kwina.

"Bapita," anatero Bina Lushomo.

"Sibanapite, ba Mayo. Yembekezani."

Tinenenji anabweza filimuyo m'mbuyo pang'onopang'ono, n'kuiimitsa. Chithunzi cha ba Chimuka chinaima pagalasi, nkhafi ili m'mwamba, madzi akudontha. Za Daliso pankangooneka phewa lokha.

Bina Lushomo anakwawa mpaka pa TV. Anapukuta galasilo ndi nsonga ya chitenge chawo, ngakhale panalibe fumbi.

"Imwe bamudala," anatero. "Banakuuzani ati osayang'ana kamera. Simumvela."

Anaseka, kenaka analira, kenaka anasekanso. Amayi ena a kumaliro anamva n'kuyamba kulowa mmodzimmodzi, mpaka pabalaza panadzaza. Aliyense wolowa ankagwira pakamwa. Tinenenji anabweza kachigawo kameneko mobwerezabwereza, nthawi iliyonse imene wina wapempha, ndipo sanatope.

Joy anamuyandikira n'kumukoka malaya.

"Tine, sole. Nizaletsa ine dzina ija mailo, pa menso pa bonse. Peleka kutsogolo tione bulaza wako futi."

"Bulaza wanga azayembekeza," anayankha Tinenenji, maso ali pa Bina Lushomo.

Mayi Mwandida anamva. Anawongola msana, n'kulankhula mokweza kuti amayi onse amve, zimene sankachita kawirikawiri.

"Uja wa pa TV ni wanga. Koma lelo nikamba uyu wagwila rimoti. Uyu ni mwana wanga."

Tinenenji anali atatamandidwapo kambirimbiri, kawirikawiri ndi pakamwa pake pomwe. Koma kunyada kwa tsiku limenelo kunali kwina. Anangoweramitsa mutu.

Ndi pamene kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Panaima ba Fanwell, mng'ono wa malemu, amene chifikireni pamaliro ankangozungulira nyumba ya mkulu wawo, kusuzumira firiji ndi kugogoda malata. Anayang'ana TV nthawi yaitali. Sankayang'ana nkhope ya mkulu wawo. Ankayang'ana chimene mkulu wawoyo anakhalapo.

"Bwato iyo ni ya banja," anatero. "Mulamu, ili kuti?"

Kumwetulira kwa Bina Lushomo kunazima. Bwato limenelo ndilo linkadyetsa nyumba yawo, ndipo aliyense m'chipindamo ankadziwa zimenezo.

Ba Fanwell anayendetsa maso pang'onopang'ono mpaka anafika pa mtsikana wa rimoti.

"Iwe ndiwe Tine? Baniuza ati ndiwe wenze kupeleka vakudya ku mutsinje, ndipo ati sumabisa nkhani. Mailo m'mawa uzanipeleka pamene ili."

Amayi onse anatembenukira kwa Tinenenji. Pagalasi ba Chimuka anali akumuyang'anabe, akumwetulira. Iye anafinya rimoti ndi manja onse awiri, n'kutseka pakamwa.